Mafuta amene sikelo sinawaone: lipoti la wodwala mtima ku Thyolo

Ndine kiliniko ofesa pa chipatala china m'boma la Thyolo, ndipo masiku awiri pa sabata ndimakhala ku kiliniki ya matenda a mgonagona, kumene timaona a BP, a shuga, a mphumu ndi a khunyu. Lipotili ndi la bambo amene ndinawaona kawiri konse osazindikira chimene chikuwavuta. Ndalilemba m'Chichewa kuti anzanga a m'zipatala zing'onozing'ono, anamwino ndi alangizi a zaumoyo athe kuliwerenga pamodzi ndi odwala awo. Eniake anavomera kuti nkhani yawo ilembedwe. Dzina, mudzi ndi esiteti ndazisiya dala.

Mbiri ya wodwala

Ndi bambo a zaka 54, kapitawo wa anthu otchola tiyi. Anapezeka ndi HIV mu 2005 ataonda ndi mutu womwe. Kabuku kawo kakale, kamene amakasungabe m'pepala la pulasitiki, kakuonetsa kuti nthawiyo ankalemera makilogalamu 46. Anayamba ndi Triomune, m'bulu uja unali ndi stavudine, lamivudine ndi nevirapine, umene pafupifupi aliyense woyamba ma ARV zaka zimenezo anamwa. Mu 2013 anawasinthira ku ma ARV ena otchedwa 5A, mu 2019 ku 13A wokhala ndi dolutegravir. Sadumphitsa mankhwala, ndipo papita zaka zambiri kachilombo kasakuoneka m'magazi. Amasuta ndudu zisanu patsiku, ndalama ikavuta amapichira chingambwe. Mowa ndi wa pa malipiro. Chikwezedwereni paudindo amayendera njinga yamoto ya kuntchito. Bambo awo anagwa n'kumwalira ali kumunda asanakalambe kwenikweni, ndipo abale anati panali dzanja la munthu.

Anabwera koyamba mu Juni, chiperoni chitakhazikika. Anati akumva chilungulira. Ndinawayang'ana kumaso: masaya olowa, manja owonda mitsempha ili poyera. Ndinayang'ana m'kabuku: makilogalamu 66. Jekete lalikulu la kuesiteti analimanga mpaka m'khosi, ndipo sindinawauze kuti avule, poti mzere panja unali utakhota mpaka kuseri kwa famase. BP inali 150/94, ine n'kuti mwina n'chifukwa cha ulendo ndi kuzizira. Ndinawalembera magnesium trisilicate, mankhwala a chilungulira. Atabweranso patatha milungu itatu ndinawonjezera omeprazole, n'kuwauza kuti asiye tsabola ndi bufeni amene ankagula pagolosale.

Pamenepo ndinalakwitsa kawiri. Ndinalola mawu akuti chilungulira andisankhire matenda, osafunsa n'komwe kuti chimabwera nthawi yanji. Komanso magnesium trisilicate samwera limodzi ndi dolutegravir, chifukwa magnesium amamatirira mankhwalawo m'matumbo n'kuwalepheretsa kulowa m'magazi. Dolutegravir amayenera kutsogola ndi maola awiri, kapena kumwedwa patadutsa maola 6. Sindinawauze zimenezi. Mwamwayi magazi atayezedwanso mu Seputembala kachilombo kanali kasakuonekabe.

Ulendo wachitatu, kumayambiriro kwa Ogasiti, anabwera ndi akazi awo, ndipo ndi mayiwo amene anandiikira matendawa m'manja.

"Adokotala, pepani ndilankhuleko. Abambowa akadya sadandaula, akagona sadandaula. Koma tikamachokera kutchalitchi, pachitunda paja amaima katatu. Amanamizira kumanga nsapato."

Ndinapempha bambowo kuti aloze pamene pamawawa. Sanaloze ndi chala. Anakunga chibakera n'kuchiika pakati pa chifuwa. "Si kuwawa kwenikweni ayi. Zimangokhala ngati wina wandisanjika thumba la feteleza apa. Kenako dzanja lamanzereli dzanzi, nsagwada kulema." Zimayamba akamakwera mizere ya tiyi ya pamtunda, makamaka m'mamawa kukuzizira, ndipo akaima mphindi zitatu kapena zisanu zimatha zokha. Sizinawagwirepo atakhala pansi. Satsokomola, satentha thupi, satuluka thukuta usiku. Umenewu ndi ululu wa mtima woperewedwa magazi, umene m'mabuku timautcha angina, ndipo zizindikiro zake zonse zinalipo kuyambira Juni. Chinasowa ndi wofunsa.

Zimene ndinapeza jekete litavulidwa

Ndinachita manyazi. Manja ndi miyendo zowonda, matako ophwa, koma mimba yotuluka kutsogolo, yolimba ngati ng'oma. Ukatsina khungu la pamimbapo sugwira mafuta ambiri, kusonyeza kuti mafutawo ali m'kati, pakati pa matumbo. Msinkhu masentimita 168, kulemera makilogalamu 66, BMI (muyeso woyerekeza kulemera ndi msinkhu) 23.4, imene tchati cha pakhoma chimaiika pobiriwira. Ndinakabwereka tepi ku sikelo ya amayi oyembekezera n'kuyeza mimba pakatikati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno, atatulutsa mpweya. Inakwana masentimita 98. Malire amene bungwe la International Diabetes Federation limagwiritsa ntchito kwa anthu a kuno ndi 94 kwa amuna, 80 kwa akazi. Njira yosavuta kukumbukira ndi yakuti mimba isapitirire theka la msinkhu, ndipo theka la bambowa ndi 84.

BP inali 162/98, titayezanso atapuma 158/96. Mtima unkagunda ka 88 pa mphindi, mosadumpha, popanda phokoso la mavavu owonongeka. Mitsempha ya m'khosi sinali yotupa, mapapo oyera, mapazi osatupa. Shuga wa m'mawa asanadye anali 116 mg/dL. Sanafike pa 126 pamene timati munthu ali ndi matenda a shuga, koma anali atachoka kale pabwino. Hb, muyeso wa kuchuluka kwa magazi, inali 13.8, choncho kuchepa magazi tinakuchotsa. Impso zinali bwino. Mafuta a m'magazi anakayezetsa ku labu ina ku Blantyre: cholesterol yense 5.9 mmol/L, triglyceride 2.8, HDL (cholesterol wabwino) 0.8, LDL (cholesterol woipa, wotseka mitsempha) pafupifupi 3.8. Ekisire ya pachifuwa sinaonetse kukula kwa mtima. ECG, makina ojambula kagundidwe ka mtima papepala, inaonetsa ma T otembenuka kuyambira V4 mpaka V6, komanso mu I ndi aVL, popanda kukwera kwa ST, zimene zimatha kusonyeza mtima woperewedwa magazi.

Sikani imene inatsala pang'ono kutisocheretsa

Kuno munthu wa HIV akadandaula pachifuwa, maganizo amathamangira ku TB, ndipo m'pomveka: madzi odzaza m'kathumba ka mtima mwa odwala athu nthawi zambiri gwero lake ndi TB. Mnzanga wina anaphunzira FASH, sikani ija yofufuzira zizindikiro za TB m'mimba ndi pamtima. Anaika makina pansi pa fupa la pachifuwa, ndipo pa sikirini panaoneka mzere woderako pakati pa khoma la mtima ndi kathumba kake.

"Akulu, amenewa si madzi?"

Fomu ya TB inali itatuluka kale m'dirowa. Chinatiimitsa ndi wodwala mwiniwake: munthu amene sikelo yake inali ikukwera osati kutsika, wosatentha thupi, kachilombo kosaoneka, mtima wosakula pa ekisire. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Tinawagoneka chammbali n'kuyang'ananso kuchokera pakati pa nthiti. Madzi amaoneka akuda bii, amatsikira kumbuyo ndi pansi pa mtima, ndipo mtima umagunda pawokha m'kati mwake iwo ali phee. Chimene tinkaonacho chinali kutsogolo kokha, chinali ndi timadontho totuwa ngati phala la mgaiwa, ndipo chinkayenda limodzi ndi mtima ngati chomatidwa. Anali mafuta.

Ndikufuna anzanga a FASH aime pamenepa pang'ono. Tikanayambitsa mankhwala a TB, bambowa akanamwa rifampicin miyezi 6 popanda chifukwa, dolutegravir akanayenera kumwa kawiri patsiku poti rifampicin amamufooketsa, ndipo wina akanawonjezera prednisolone, amene akanakweza shuga ndi BP zomwe zinali zitakwera kale. Mitsempha ya mtima ikanapitiriza kutsekeka tili otangwanika ndi matenda amene kulibe.

Tinawatumiza ku Blantyre kuti akaunikidwe mtima wonse. Yankho linati mtima ukupopa bwino, EF (gawo la magazi limene mtima umatulutsa ukagunda) 55 pa 100, khoma la kumanzere lakhuthala pang'ono chifukwa cha BP, mavavu ali bwino, madzi mulibe. Pakalata ndinapempha kuti ayezenso mafuta aja, ndipo anapeza mamilimita 10 pakhoma la chipinda cha kumanja cha mtima. Njira yoyezera imeneyi anaifotokoza dokotala wa ku Italy, Gianluca Iacobellis, mu 2003. Akatswiri amasiyana pa malire ake, ena amayambira pa 5, ena pa 7, ena pamwamba pake, koma 10 kwa munthu wa makilogalamu 66 ndi wochuluka.

Mafutawa amachita chiyani pamenepo

Ku koleji tinaphunzira kuti mtsempha wa magazi uli ndi zigawo zitatu: kakhungu kosalala ka m'kati, minofu ya pakati yofinya ndi kumasula, ndi chikuta cha kunja. Mafuta okuta mtsempha sitinkawawerengera. Tinkawatenga ngati udzu umene amayala m'dengu kuti mazira asasweke panjira. Ofufuza nawonso ankawasenda n'kutaya asanayambe kuyesa mtsempha mu labu.

Mu 1991 Soltis ndi Cassis, a ku America, anayesa mtsempha waukulu wa khoswe osausenda. Anapeza kuti wokhala ndi mafuta ake sufinyika kwambiri akauthira noradrenaline, mankhwala ofinya mitsempha, poyerekeza ndi wosendedwa. Mu 2002 gulu lina ku Berlin linaonetsa kuti maselo a mafutawo amatulutsa chinthu chimene chimamasula minofu ya mtsempha. Kuchokera pamenepo zadziwika kuti mafuta okuta mitsempha, amene amapezeka pafupifupi paliponse m'thupi kupatula m'mitsempha ya mu ubongo, ndi chiwalo chogwira ntchito. Akakhala athanzi amatulutsa adiponectin, nitric oxide ndi zina zimene zimamasula mtsempha ndi kuziziritsa kutukusira m'khoma lake.

Pamtima nkhaniyi ndi yaikulu chifukwa cha kakhalidwe ka malowo. Mitsempha yodyetsa mtima imayenda pamwamba pa mtimawo itakwiririka m'mafuta, ndipo pakati pa mafutawo, mtsempha ndi mnofu wa mtima palibe chotchinga chilichonse. Magazi amene amadyetsa mafutawo amachokera m'mitsempha yomweyo. Zili ngati mabanja awiri ogona m'nyumba imodzi yopanda khoma la pakati: wina akasonkha moto wa nkhuni zaziwisi, onse amatsokomola.

Utsi umayamba mafuta akachuluka. Maselo ake amafufuma mpaka mpweya kuwaperewera, ena amafa, ndipo asilikali a m'thupi otchedwa macrophage amakhamukirako. Adiponectin amachepa. M'malo mwake mumatuluka TNF-alpha, interleukin-6 ndi MCP-1, zoyambitsa kutukusira ndi kuitana asilikali ena. Zimenezi zimalowa m'khoma la mtsempha kuchokera kunja, zina podzera m'timitsempha ting'onoting'ono todyetsa khomalo. Kakhungu ka m'kati kamasiya kumasuka bwino, cholesterol wa LDL amalowa mosavuta n'kuunjikana, ndipo chotupa cha mafuta m'khoma chimakula kapena kuphulika.

Kafukufuku amene ine amandigwira mtima ndi wa Mazurek ndi anzake wa mu 2003. Kwa odwala amene ankachitidwa opaleshoni yolambalala mitsempha yotsekeka, anatenga kachidutswa ka mafuta a pamtima ndi kena ka mafuta a pansi pa khungu la mwendo, mwa munthu yemweyo. Mafuta a pamtima anali odzaza ndi zoyambitsa kutukusira kuposa a kumwendo, ndipo kusiyanako sikunadalire kuti munthuyo ndi wonenepa kapena ali ndi shuga. Kuyeza magazi a pamkono sikunkaonetsa moto umene unali pamtimapo. Ndiye kuti munthu akhoza kukhala ndi BMI yabwino, magazi osadetsa nkhawa kwambiri, koma mafuta okhudzana ndi mitsempha ya mtima wake akuyaka.

Palinso zinthu ziwiri zimene madokotala odula anaziona ndi maso. Anthu ena amabadwa mtsempha wa mtima utalowa m'kati mwa mnofu kwa kamtunda kochepa kenako n'kutulukanso. Kachigawo kobisikako, kamene sikakhudzana ndi mafuta, nthawi zambiri sikagwidwa ndi zotupa zotseka mtsempha, pamene chigawo cha kumtunda kwake chimagwidwa. Kayendedwe ka magazi pamalopo kali ndi gawo lake pa nkhaniyi, koma kusowa kwa mafuta ndi chimodzi mwa zimene akatswiri amaloza. Chachiwiri chikuonetsa mbali yabwino. Dokotala wina ku Örebro m'dziko la Sweden, Domingos Souza, anayamba kuchotsa mtsempha wa m'mwendo wokalumikiza pamtima pamodzi ndi mafuta ake, osausenda monga mwa chizolowezi, ndipo atatsatira odwalawo kwa zaka zambiri anapeza kuti mitsempha yosasendayo imakhalitsa isanatsekeke. Ndiye vuto si kukhalapo kwa mafuta ayi. Vuto ndi mafuta odwala.

Uthenga sumangolowa, umatulukanso. Gulu la Charalambos Antoniades ku Oxford linaonetsa mu 2017 kuti mtsempha wotukusira umalepheretsa maselo a mafuta oyandikana nawo kukhwima. Amakhala ang'onoang'ono, a madzi ambiri, ndipo kusinthako kumaoneka pa CT sikani. Mu 2018 kafukufuku wa CRISP-CT, wa odwala 3,912 a ku Erlangen ndi ku Cleveland, anapeza kuti amene mafuta okuta mitsempha ya mtima wawo anali atasintha motero ankamwalira ndi mtima kwambiri kuposa anzawo. Kuyeza kotere kapitawo wa ku Thyolo sangakufikire, ndipo sindikunena kuti tizikulirira pamene nthawi zina mapepala a ECG amatithera. Chimene kafukufukuyu wandisinthira ine ndi funso. Kale ndinkafunsa kuti munthuyu ndi wonenepa kodi. Tsopano ndimafunsa kuti mafuta ake ali pati.

Pamene HIV ikulowera

Thupi la bambowa linaumbidwa ndi mbiri ya mankhwala awo. Stavudine amawononga maselo a mafuta a pansi pa khungu, makamaka kumaso, m'manja, m'miyendo ndi m'matako, ndipo ngakhale munthu atasiya mankhwalawo mafuta amenewa sabwerera kwenikweni. Mafuta a pansi pa khungu ndiwo nkhokwe ya thupi. Nkhokwe ikagwa, chimanga sichileka kubwera kuchokera kumunda; chimangosanjidwa kuchipinda, pabalaza, mpaka pakhomo. M'thupi chipinda chimenecho ndi pakati pa matumbo, m'chiwindi ndi pamtima. Kuyambira 2019 bambowa anawonjezera makilogalamu 7, kuchoka pa 59, ndipo palibe ndi imodzi yomwe inapita kumasaya. Kuti dolutegravir amanenepetsa anthu ena zinaoneka bwino mu kafukufuku wa ADVANCE wa ku Johannesburg mu 2019, makamaka kwa amayi. Kuwonjezera apo, HIV ngakhale itagonja imasiya kutukusira kwapansipansi m'thupi.

Kuno ku Thyolo ma ARV anayamba kuperekedwa mu 2003, boma lisanafalitse m'dziko lonse mu 2004. Ndiye kuti tili ndi anthu ambiri amene anamwa stavudine zaka zingapo, anapulumuka, ndipo lero adutsa zaka 50. Amabwera kudzatenga mankhwala, timawakweza pasikelo, timalemba nambala, timawayamikira kuti thupi labwerera.

Ndisanamizire mafuta okha. Bambowa ali ndi BP, amasuta, LDL ndi wokwera, bambo awo anafa mwadzidzidzi. Chilichonse mwa zimenezi pachokha chimatseka mitsempha, ndipo ndi zimene zili ndi mankhwala otsimikizika. Palibe malangizo a chipatala amene amati tizipereka chithandizo potengera mamilimita a mafuta a pamtima. Mafuta aja anangondiuza kuti munthu amene ndinkamuona ngati wowonda anali m'gulu limodzi ndi anthu onenepa kwambiri.

Chithandizo

Magnesium trisilicate ndinamuchotsa tsiku lomwe ndinazindikira angina. Ndinayambitsa asipulini 75 mg tsiku lililonse, atenolol 50 mg kuti mtima uchepetse liwiro ndi njala yake ya magazi, ndi amlodipine 5 mg wotsitsa BP, amene patatha mwezi ndinamukweza kufika 10 mg. Wotsitsa cholesterol ndinasankha atorvastatin 40 mg, wa m'gulu la mankhwala otchedwa statin, amene mwana wawo wa ku Limbe amawagulira. Simvastatin akanatheka, koma pamodzi ndi amlodipine sapitirira 20 mg, ndipo kwa amene ali pa ma ARV a atazanavir kapena lopinavir saperekedwa n'komwe. Kafukufuku wa REPRIEVE wa mu 2023 anapeza kuti pitavastatin, statin wina, anachepetsa ndi 35 pa 100 mavuto aakulu a mtima ndi sitiroko mwa anthu a HIV amene anali asanadwale n'komwe mtima. Kwa munthu amene ululu wayamba kale, kupereka statin n'kosachita kufunsa. Omeprazole ndinati apitirize kumwa kanthawi chifukwa cha asipulini. Ma ARV sindinasinthe. Metformin, mankhwala a shuga, sindinayambitse poti shuga sanafike, koma ndinalemba m'kabuku kuti akadzafunika asadzapitirire 1,000 mg patsiku, chifukwa dolutegravir amamuchulukitsa m'magazi.

Ndinawapatsanso isosorbide dinitrate 5 mg woika pansi pa lilime ululu ukabwera. Mayi atatuluka kukatenga mankhwala ndinafunsa bambowo mwakachetechete ngati amagula timabulu towonjezera mphamvu kuchipinda. Anaseka n'kuyang'ana kudenga. Ndinawauza mosabisa kuti sildenafil, amene amakhala m'timabulu timeneti, akakumana ndi wa pansi pa lilimeyu BP imagwa mpaka munthu kukomoka kapena kufa. Funso limeneli tisamaliope. Amuna ambiri a msinkhu uwu a BP amagula, ndipo sanena okha. Ndinawauzanso onse awiri kuti ululu ukabwera atakhala, kapena ukapitirira mphindi 15 ndi thukuta, atafune asipulini 300 mg n'kubwera nthawi yomweyo, usiku kapena usana.

Mankhwala sanavute. Panavuta ndi pamene ndinatchula zochepetsa mimba. Nkhope ya mayi inasintha.

"Adokotala, inu simunawaone abambowa mu 2005. Anthu ankatiloza pamsika, ati kaliwondewonde. Achibale anayamba kufunsa za malata a nyumba iwo ali moyo. Lero anthu akuti akapitawo akhuta, inu mukuti aondenso?"

Ndinalibe yankho lachangu, ndipo sindikuganiza kuti mayiwo ankalakwa. Kwa banja limeneli mimba ija inali chiphaso chakuti imfa inawalambalala. Kuwawerengera manambala kukanakhala kuthira madzi pamsana pa bakha.

Pa tsiku lobweranso ndinadzera pa bucha wa pamsika n'kugula mtima wa mbuzi. Ndinauika m'mbale ya chitsulo patebulo. Aliyense amene anasendapo mbuzi amadziwa mafuta oyera aja amakhala ngati chisoti pamwamba pa mtima n'kutsetsereka m'mizere yake. Ndinang'amba mzere umodzi ndi lumo, n'kutulutsa kamtsempha kochepa ngati chingwe cha nsapato kamene kanali kobisika m'mafutamo. Bambo anaweramira pafupi, magalasi ali pamphuno.

"Ndiye kameneka ndi kamene kamadyetsa mtima wonsewu?"

Ndinati kameneko ndi anzake ochepa, ndipo awo akhuthala mafuta kuposa apa. Mayi anakagwira ndi chala, osanena kanthu. Kenako ndinatenga chingwe, ndinayeza msinkhu wa bambowo kuyambira kuphazi mpaka pamutu, n'kudula, n'kuchipinda pawiri. Nditachizunguliza pamimba, nsonga zake zinatsala kutali, mpata woposa chikhato. Ndinawapatsa chingwecho kuti apite nacho. Tinagwirizana kuti nkhope, manja ndi sikelo si zimene tikulimbana nazo. Tikufuna nsonga ziwirizi ziyandikane basi. Mayi anavomera pamenepo, koma anati sikelo ikatsika kufika pa 60 abwera kudzandiimba mlandu.

Zakudya tinakambirana potsata tsiku lawo. M'mawa tiyi wa masupuni anayi a shuga ndi mandasi atatu. Masana tchipisi cha pachiwaya ndi kanyenya wa nkhumba, botolo la zoziziritsa kukhosi pambali, poti kapitawo sangadye chinangwa pamaso pa anthu ake. Madzulo nsima yoyera mitanda inayi. Sindinawaletse nsima, ndinapempha mgaiwa, mitanda iwiri, ndiwo zamasamba zochuluka. Nandolo, kalongonda, usipa, nsinjiro ndi mapeyala zili ponseponse kuno ndipo n'zabwino. Mchere bungwe la WHO limati usapitirire magalamu 5 patsiku, supuni yaing'ono imodzi, ndipo ndinakumbutsa mayi kuti soda wa m'therere ndi timabulu tokometsera ndiwo nazonso ndi mchere. Kuyenda: mphindi 30, masiku asanu pa sabata, pamsewu wosakwera, njinga yamoto aisiye pa ofesi ya kumunda, ndipo ululu ukabwera aime osalimbana nawo.

Atabweranso

Patatha mwezi BP inali 146/90, mtima 68. Patatha miyezi itatu 136/84. Pa miyezi 6, mu Febuluwale, anabwera atanyowa ndi mvula kuchokera kumunda, poti inali nthawi imene tiyi amaphukira kwambiri. BP 134/82, shuga 101 mg/dL, LDL 2.3, triglyceride 1.9. Sikelo inati makilogalamu 64, kutsika ndi awiri okha. Tepi inati masentimita 92, kutsika ndi 6. Woyang'ana sikelo yokha akanati palibe chimene chachitika.

Sikani yachiwiri inapeza mafuta a pamtima ali mamilimita 9. Kusiyana kwa milimita imodzi kukhoza kubwera ndi kagwiridwe ka makina chabe, choncho sindikukuwerengera. Ululu unachepa kwambiri: wa pansi pa lilime anagwiritsa ntchito kawiri m'miyezi itatu yomaliza, ndipo mayi anati pachitunda cha kutchalitchi amaima kamodzi, nthawi zina osaima. Ndikanakonda kunena kuti ndi chingwe chija, koma atenolol ndi kutsika kwa BP n'zokwanira kufotokoza kusinthako. LDL sanafike pamene ndikufuna, pansi pa 1.8, ndiye ndakweza atorvastatin kufika 80 mg, ndipo ndawauza kuti minofu ikayamba kuwawa abwere asanasiye okha.

Fodya ndiye watikanika. Kuchoka pa ndudu zisanu afika pa ziwiri, imodzi m'mawa poyembekeza anthu kumunda, ina madzulo masamba akatha kukwezedwa pasikelo. Akuti ya m'mawayo akhoza kuisiya, koma ya madzulo ndi imene imawaletsa kukalipira anthu. Tapangana kuti tiyambe ndi ya m'mawa.

Ku kiliniki ya ma ARV ndapempha anamwino kuti aliyense wa zaka 40 kupita m'tsogolo, makamaka amene anamwapo Triomune, azimuyeza BP ndi mimba, jekete atavula. Tepi yoyamba inasowa pasanathe sabata. Yachiwiri taimangirira ku sikelo ndi waya. Bambowa adzabweranso mu Meyi, kuzizira kukamayamba, ndipo pamwamba pa tsamba lawo ndalemba ndi inki yofiira kuti adzafunsidwe za chitunda.